KUKHOMA BOTI LANU LOYAMBA LA MATABWA

Munthu aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja adziwa kuti mitengo yosema bwato yasowa. Kale makolo athu ankalowa m'nkhalango ya pafupi ndi mudzi, nasankha mtengo waukulu wa chonya kapena mbawa, ndipo bwato losemedwa pa mtengo wotere linkagwira ntchito zaka zambiri. Lero msodzi ayenda mtunda wautali kufuna mtengo, ndipo akaupeza ukhala waung'ono kapena wofewa. Ndiponso posema bwato, mbali yaikulu ya mtengo ingotayika pansi ngati zibenthu. Mtengo womwewo ukachekedwa ndi sowo utulutsa matabwa ambiri, ndipo zotayika zichepa.

Chifukwa cha ichi asodzi ambiri akufuna boti la matabwa. Luso limeneli si lachilendo pa nyanja yathu. M'chaka cha 1863 David Livingstone anapeza amisiri akukhoma chombo cha matabwa ku Nkhotakota. Masiku ano amisiri akhoma maboti m'madoko a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, ndipo ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi, kuli sukulu ya za nsomba. Tsono munthu wodziwa kugwira sowo ndi puleni, amene anakhomapo chitseko kapena tebulo, angathe kudzikhomera boti laling'ono pakhomo pake. Koma ayenera kudziwa chinthu chimodzi asanagule thabwa ngakhale limodzi.

Bwato liribe msoko

Bwato losema ndi mtengo umodzi. Liribe msoko, ndipo madzi alibe polowera pokhapokha mtengowo utang'ambika kapena kuola. Boti la matabwa liri ndi misoko ponseponse. Pamene thabwa likumana ndi linzake pali msoko, pamene msomali walowa pali bowo, ndipo malo onsewa ndi makomo a madzi. Chitseko chikakhala ndi mpata, mungomva mphepo usiku. Boti likakhala ndi mpata, anthu amira.

Chifukwa chake ntchito yonse ya kukhoma boti ndiyo kusamala misoko. Zonse zimene tinena m'munsimu, za matabwa, za misomali ndi za phula, cholinga chake ndi chimenechi.

Yambani ndi laling'ono

Boti loyamba likhale laling'ono ndi lapansi pafulati. Boti lotere silivuta kukhoma chifukwa matabwa ake sapindika kwambiri. Liyenda bwino pa mtsinje wa Shire, pa nyanja ya Malombe, pa nyanja ya Chilwa imene iri yosaya, ndi m'malo obisika mphepo m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Koma silifuna mafunde akulu. Maboti opita pakati pa nyanja yaikulu akhala ndi pansi posongoka, ndipo amenewo ndi ntchito ya mmisiri wozolowera.

Muyeso wabwino woyambira ndi uwu: m'litali mapazi 16, ndiwo pafupifupi mamita 5, m'lifupi mapazi 5 pamwamba ndi mapazi 4 pansi, poyesa pamalo potakasuka koposa, mbali zake zitalike mainchesi 20. Mbali zifutukuke pang'ono kunka pamwamba, pakuti boti lotere likapendekeka lidzuka lokha msanga.

Musapeke maonekedwe a boti m'mutu mwanu. Pitani padoko, muone boti limene layenda zaka zingapo popanda chovuta, mupemphe mwini wake kuti muliyese. Lembani miyeso yonse m'kope. Ngati pali mmisiri wa maboti pafupi, khalani naye masiku angapo mukumuthandiza kugwira matabwa, ngakhale osalandira malipiro. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kusankha matabwa

Mitengo imene amisiri aikonda ndi mlombwa ndi mbawa, chifukwa siola msanga m'madzi. Kale ankagwiritsanso ntchito mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko m'chaka cha 1984. Koma anthu anaudula mopitirira, kotero kuti pofika 2017 mitengo yaikulu inali itatsala yowerengeka. Munthu akakutsatsani matabwa a mkungudza, musagule.

Mlombwa ndi mbawa nayonso ndi mitengo yotetezedwa. Lamulo la za nkhalango la 1997 sililola kudula mitengo yotere popanda chilolezo. Kambani ndi a mfumu ndi mlangizi wa za nkhalango musanadule mtengo, ndipo pogula matabwa funsani kumene achokera. Boti lingakhomedwenso ndi paini kapena bulugamu. Paini ndi wopepuka ndi wosavuta kupala, koma aola msanga ngati sapakidwa penti kawirikawiri. Bulugamu ndi wolimba, koma apindika ndi kung'ambika pouma, choncho afuna kuumitsidwa mofatsa.

Posankha thabwa yang'anani zinthu zitatu. Choyamba, lisakhale ndi mfundo zazikulu, pakuti mfundo igweruka nisiya bowo. Chachiwiri, lisakhale ndi mng'alu kunsonga. Chachitatu, likhale la mtima wa mtengo. Mbali yoyera ya kufupi ndi khungwa ndi yofewa, ifumbwa ndi kuola msanga ngakhale pa mlombwa. Ichekeni ndi kuitaya, musaimvere chisoni.

Matabwa a m'mbali ndi apansi akhale okhuthala magawo atatu mwa anayi a inchi atapalidwa. Gulani aatali okwana boti lonse ngati alipo, kuti polumikiza pachepe. A nthiti akhale a mainchesi 2 kwa 3.

Kuumitsa matabwa

Apa ndi pamene anthu ambiri alakwa. Mtengo wongochekedwa kumene uli ndi madzi ambiri m'kati mwake. Madziwo akamatuluka, thabwa lichepa. Silichepa kwenikweni m'litali, koma m'lifupi. Tsono mukakhoma boti ndi matabwa aawisi, lioneka bwino tsiku loyamba. Likakhala padzuwa masabata owerengeka, thabwa lirilonse lichepa, misoko yonse iyasama, ndipo ena ang'ambika pamisomali.

Umitsani matabwa pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa. Yalani miyala kapena njerwa pamalo osalala kuti matabwa asakhudze dothi ndi kuti chiswe chisawafike. Sanjani matabwa mogoneka, ndipo pakati pa mzere ndi mzere ikani timitengo touma tofanana kukula, totalikirana mapazi awiri, tina pamwamba penipeni pa tinzake. Pamwamba pa zonse ikani miyala yolemera kuti matabwa asapindike. Pakani penti kunsonga kwa thabwa lirilonse, chifukwa nsonga iuma msanga kuposa pakati ndipo ndi pamene mng'alu uyambira.

Matabwa ochekedwa mvula ikutha, mwezi wa Epulo, muwasiye aume nyengo yonse yachisanu ndi yadzuwa. A nthiti, pokhala okhuthala, afuna nthawi yoposa pamenepo. Njira yodziwira ngati auma ndi iyi: sankhani thabwa limodzi, muliyese pa sikelo masabata awiri aliwonse, ndi kulemba kulemera kwake. Likaleka kupepuka, ndiye kuti lauma. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Zida ndi misomali

Zida zofunika si zambiri: sowo, puleni, hamala, tchizulo, sikweya, levulo, tepi, chingwe chopyapyala, chiboolera ndi makalampa anayi kapena kuposa. Nolani zida zonse musanayambe. Puleni yobuntha siwongola m'mphepete mwa thabwa, ndipo m'mphepete mokhota mubala msoko woipa.

Musagwiritse ntchito misomali wamba yokhomera denga kapena mipando. Ichita dzimbiri m'madzi, ionda, ndipo dzimbirilo liwononga thabwa pozungulira msomali mpaka madzi apeza njira. Gulani misomali yokutidwa ndi zinki, imene m'sitolo aitcha galavanaizi, kapena ya kopa ngati ipezeka. Ndi yokwera mtengo, koma ndiyo igwira boti. Utali wa msomali ukhale pafupifupi katatu kukhuthala kwa thabwa. Polumikiza msana, mutu wa boti ndi thabwa la kumbuyo, gwiritsani ntchito mabawuti okutidwa ndi zinki.

Mtengo wolimba ung'ambika mukaukhoma msomali osayamba mwaboola. Boolani bowo locheperapo pang'ono kuposa msomali, pa msomali uliwonse. Ndi ntchito yotopetsa, koma mng'alu umodzi pansi pa boti uwononga thabwa lathunthu.

Msana ndi nthiti

Boti lapansi pafulati likhomedwa mosavuta liri chozondoka, pansi pake pali kumwamba. Sankhani malo a mthunzi. Zikani mitengo iwiri yowongoka yotalika kuposa boti, muiyese ndi levulo kuti ikhale yolingana, ndipo muikhomerere pazikhomo kuti isasunthe. Kokani chingwe pakati penipeni kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Chingwe chimenechi ndicho mwini ntchito. Muyeso uliwonse uchokere pa icho.

Konzani nthiti. Nthiti iriyonse iri ndi zidutswa zitatu, chimodzi chapansi ndi ziwiri zam'mbali, zolumikizidwa zolimba m'ngodya. Jambulani nthiti iriyonse pa pepala lalikulu kapena pa simenti, theka lokha, kenaka mutembenuze kuti theka linalo lifanane nalo ndendende. Imikani nthiti pa mitengo iwiri ija motalikirana mainchesi 18 kufikira mapazi awiri, pakati pa nthiti iriyonse pakhale pa chingwe.

Tsopano ikani mutu wa boti, ndiwo mtengo wolimba wa kutsogolo pamene matabwa a mbali zonse ziwiri akumana, ndi thabwa lokhuthala la kumbuyo. Ngati muganiza zodzaika injini m'tsogolo, thabwa la kumbuyolo likhale lokhuthala inchi imodzi ndi theka kapena mainchesi awiri. Dulani mipata m'nthiti yolowetsamo msana pakati, ndi mitanda iwiri yaitali m'ngodya, pamene mbali ikumana ndi pansi. Pambali pa msana dulaninso kampata kakang'ono pa nthiti iriyonse, kuti madzi olowa m'boti adziyenda kufika pamalo amodzi pokapira.

Musanakhome thabwa lirilonse, yesani ngati boti liri lowongoka. Tengani tepi, muyese kuchokera pa mutu wa boti kufika pa ngodya ya kumanja ya thabwa la kumbuyo, ndiponso kufika pa ngodya ya kumanzere. Miyeso iwiriyi ilingane. Chitani chimodzimodzi pa nthiti iriyonse. Boti lokhota likokera mbali imodzi masiku ake onse, ndipo wopalasa atopa pachabe. Pomaliza gonekani kamtengo kakatali kopyapyala pamwamba pa nthiti zonse. Kakhudze nthiti iriyonse popanda kudumpha. Nthiti yotumphuka muipale, yolowa m'kati muionjezere.

Kukhoma matabwa

Yambani ndi mbali. Mukakhoma thabwa limodzi kumanja, khomani linzake kumanzere musanapitirire. Thabwa lopindidwa likoka mwamphamvu, ndipo mukamaliza mbali imodzi yokha lidzakhotetsa boti lonse. Gwirani thabwa ndi makalampa, mulipinde pang'onopang'ono. Likakana, likulungeni ndi masaka, muthirepo madzi owira, mudikire kanthawi, ndipo lidzafewa. Ntchito imeneyi ifuna anthu awiri kapena atatu.

Paliponse pamene mtengo ugona pa unzake, pakani penti kapena phula mbali zonse ziwiri musanakhome. Malo obisikawa simudzawafikanso, ndipo kuola kuyambira momwemo.

M'mphepete mwa matabwa mupalidwe motere: kumbali ya m'kati mwa boti matabwa awiri akhudzane kwathithithi, koma kumbali ya kunja pakhale kampata kokwana kamtengo ka machesi. Kampata kameneka ndi kolowetsamo thonje. Matabwa akachepa utali, alumikizeni pakati pa nthiti ziwiri, ndi kachidutswa ka thabwa kokhomedwa m'kati kogwira nsonga zonse ziwiri. Zolumikiza za matabwa oyandikana zisakhale pamzere umodzi.

Mbali zikatha, palani mitanda ya m'ngodya kuti ilingane ndi nthiti, kenaka khomani matabwa apansi kuyambira pa msana kunka kunja. Msoko wa m'ngodya ndiwo uvuta koposa, choncho musaumire phula pamenepo, ndipo misomali ikhale pafupipafupi. Kunja kwa pansi khomani mitengo iwiri kapena itatu yaitali yopyapyala. Ndiyo idzakhula pamchenga pokoka boti, ndipo ikatha muichotsa ndi kuika ina.

Tembenuzani boti. Khomani mtanda kuzungulira m'milomo monse, ndipo ikani mipando itatu yopingasa. Mipandoyi si yokhalira chabe ayi. Ndiyo igwira mbali ziwiri kuti zisayasame kapena kupanikizika, choncho ikhomedwe zolimba.

Kutseka misoko

Thonje lolimidwa ku Salima, ku Balaka kapena ku Chikwawa likwanira pa ntchito imeneyi. Chotsani njere, mulipote ngati chingwe chofewa. Lowetsani m'msoko ndi tchizulo chobuntha kapena kamtengo kolimba kosemedwa mopyapyala, mukumenya pang'onopang'ono. Thonje lilowe molingana msoko wonse, ndipo pamwamba pake patsale kampata. Musalikhomerere ndi mphamvu yonse. Matabwa adzatupa akalowa m'madzi, ndipo msoko wodzaza kwambiri ukankha matabwa mpaka kuzula misomali.

Pakani penti pa thonjelo, ndipo ikauma tsekani msoko ndi phula. Mitu ya misomali muilowetse pang'ono m'thabwa ndi kuitsekanso. Posungunula phula chenjerani. Chitani zimenezi pabwalo, kutali ndi denga la udzu, pamoto wochepa, ana ali patali. Madzi asagwere m'phula lotentha, pakuti lithovoka ndi kutentha anthu. Pomaliza pakani boti lonse penti ya mafuta, kunja ndi m'kati, kawiri kapena katatu, mukudikira kuti yoyamba iume.

Kuyesa boti

Boti latsopano lilowa madzi masiku oyamba. Musade nkhawa. Limangirireni pamadzi osaya masiku awiri kapena atatu, mukukapa madzi m'mawa ndi madzulo. Matabwa akatupa, misoko itsekeka. Pamene madzi apitirira kulowa lembanipo ndi khala, mutulutse boti ndi kukonza. Poyesa katundu gwiritsani ntchito matumba a mchenga, osati ana a m'mudzi.

Aphunzitsi angathe kuwerengetsa ana a sukulu masamu awa, amene aonetsa katundu woyenera boti. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, ndipo boti lisenza katundu wolemera mofanana ndi madzi amene lawakankha. Pansi pa boti lathu ndi pa masentimita 500 m'litali. M'lifupi, tikaphatikiza potakasuka ndi popapatiza, ndi pafupifupi masentimita 90. Boti likatsika m'madzi sentimita imodzi, likankha 500 kuchulukitsa ndi 90, ndiwo malita 45. Tsono makilogalamu 45 aliwonse atsitsa boti sentimita imodzi, ndipo thumba la chimanga la makilogalamu 50 lilitsitsa koposa pang'ono. Likatsika masentimita 15, ndiye kuti boti lenilenilo, anthu, ukonde ndi nsomba zonse pamodzi zakwana makilogalamu 675, ndipo pamwamba pa madzi patsala masentimita 35. Lembani mzere wa penti yoyera pamenepo mbali zonse ziwiri. Mzere ukabisika, katundu wachuluka.

Masamu omwewa aonetsa kuopsa kwa msoko woipa. Madzi akadzaza m'boti masentimita 5 okha, alemera makilogalamu 225, ngati amuna atatu kapena anayi amene simunawaitane. Ndipo madziwo sakhala malo amodzi. Boti likapendekeka athamangira mbali yomwe yatsikayo, naonjezera kupendekekako.

Pa nyanja

Mangirirani zigubu zopanda kanthu, zotseka bwino, pansi pa mipando. Chigubu cha malita 20 chiyandamitsa pafupifupi makilogalamu 20. Zigubu zinayi zithandiza kuti boti lodzaza madzi lisamire. Ngozi ikagwa, gwirani boti, musalisiye ndi kuyesa kusambira kunka kumtunda, pakuti mtunda uoneka pafupi pamene uli patali. M'boti musasowe chokapira chomangirira ndi chingwe, nkhafi yapadera, ndi majekete oyandamitsa ngati mungawapeze.

Mwera uomba kuchokera kum'mwera nthawi yachisanu, makamaka kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, ndipo uutsa mafunde akulu pa nyanja ya Malawi. A zanyengo achenjeza pa wailesi mwera ukamadza. Mverani chenjezo limenelo. Boti lapansi pafulati likhale kumtunda tsiku lotere, ngakhale usipa utachuluka chotani.

Musanayambe kusodza, kaonaneni ndi komiti ya padoko ndi mlangizi wa za nsomba. Iwo adzakuuzani za kulembetsa boti, za chiphaso cha ukonde, ndi za miyezi yotseka nyanja, monga mwa lamulo la za nsomba la 1997.

Kusamala boti

Adani a boti ndi awiri, dzuwa ndi madzi okhalitsa m'kati. Dzuwa liumitsa matabwa ndi kuyasamitsa misoko. Boti likakhala kumtunda masiku ambiri, liikeni pamthunzi, pamwamba pa mitengo, kapena lifunditseni udzu. Madzi a mvula osiyidwa m'boti aoletsa nthiti ndi m'ngodya, choncho kapani madzi onse ndi kuchotsa mchenga ndi mamba tsiku ndi tsiku. Kamodzi pachaka, nyanja ikatsekedwa, zondotsani boti, mubaye matabwa ndi nsonga ya mpeni kufuna pofewa, mukonze misoko ndi kupaka penti yatsopano.

Chinthu chotsiriza ndi ichi. Tsiku limene boti lanu lilowa m'madzi, dzalani mitengo ya mbawa kapena mlombwa pamunda panu, ndi kuisamala kuti mbuzi ndi moto zisaiwononge. Mitengo yotere ikula pang'onopang'ono. Matabwa amene mwakhomera boti lanu anachokera ku mtengo umene unamera inu musanabadwe, ndipo adzukulu anu nawonso adzafuna matabwa.